Kuyala mawindo ena, ena n'kuwasiya ayandame: kakonzedwe ka sikirini ya kompyuta

Mukalowa m'mashopu otayipa makalata ku Old Town, kapena m'maofesi a ku City Centre mu Lilongwe, mudzaona kuti anthu ambiri amagwira ntchito ndi windo limodzi lodzaza sikirini yonse. Akafuna nambala imene ili m'fayilo ina, amatsitsa windo ili, kukweza linalo, kuwerenga nambalayo, kuisunga m'mutu, n'kubwerera kukailemba. Akatero tsiku lonse, penapake 69 amasanduka 96. Ena amatsegula mawindo ambirimbiri n'kuwasiya ataunjikana, moti akangodina pa Excel, Calculator imabisala kumbuyo, n'kuyamba kuisakasaka.

Pali njira ziwiri zoikira mawindo pa sikirini. Yoyamba ndi imene amaitcha tiling: mawindo amayalidwa ngati matailosi a m'nyumba, lililonse pamalo pake, palibe lokwera pa linzake, palibenso malo ongokhala. Yachiwiri ndi floating, imene tonse tinaizolowera: windo limayandama, mumalikokera kumene mwafuna, ndipo limatha kuphimba anzake. Anyamata okonda Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, amatha kuchezera kutsutsana kuti yabwino ndi iti. Mkanganowu ndi wakale: Windows 1.0 ya mu 1985 inkayala mawindo osalola kuti aphimbane, kupatula timabokosi tofunsa mafunso, ndipo Windows 2.0 ya mu 1987 ndi imene inawamasula kuti aziyandama. Kwa ine, palibe chifukwa chosankhira mbali. Windo limene mukhale nalo mpaka ntchito ithe, lipatseni malo ake okhazikika. Limene langobwera kudzakuthandizani kwa kamphindi, lisiyeni liyandame pamwamba, likamaliza lichoke.

Choyamba: gawani mawindo anu

Musanadine batani lililonse, onani mapulogalamu amene mumatsegula tsiku ndi tsiku, ndipo pa iliyonse dzifunseni kuti: kodi imeneyi ndimaiyang'ana nthawi yaitali, kapena ndimangoisuzumira?

Word imene mukulembamo, Excel imene mukudzaza, PDF kapena chithunzi chimene mukukoperako, tsamba la pa intaneti limene mukudzazapo fomu, monga la Msonkho Online la MRA: awa ndi mawindo okhalitsa, ndipo ndi oyenera kuyala. Calculator, kabokosi ka pulinta, ka Save As, kokwezera mawu, Sticky Notes, kawindo kosonyeza kuti mafayilo akusamukira pa fulashi: awa ndi odutsa. Mukawapatsa theka la sikirini mwangotaya malo, chifukwa Calculator yotambasulidwa pa theka la monita siwerengera bwino kuposa yaing'ono. Mabatani ake amangotupa basi.

Pali gulu lachitatu limene anthu amalakwitsa kawirikawiri: WhatsApp, imelo, Facebook ndi nyimbo. Izi sizoyala pambali pa ntchito, sizoyandamanso pamwamba pake. Malo ake ndi desktop ina, ndipo tifikako.

Chachiwiri: dziwani kukula kwa sikirini yanu

Apa ndi pamene malangizo ambiri a pa YouTube amasocheretsa anthu, chifukwa ojambula mavidiyowo amakhala ndi mamonita aakulu, pomwe ambiri a ife tikugwiritsa ntchito malaputopu akale ogula kwa ogulitsa zogwiritsidwapo kale. Dinani kumanja kwa mausi pamalo opanda kanthu pa desktop, sankhani Display settings, muone pamene palembedwa Display resolution.

Mukapeza 1366 x 768, imene ili pa malaputopu ambiri otsika mtengo, dziwani kuti theka la sikirini yanu ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi pa sikirini) 683 okha m'lifupi. Mu Excel amenewo ndi makolamu pafupifupi 10 a kukula kwa nthawi zonse. Pa sikirini yotere yalani mawindo awiri, osapitirira. Mukaigawa panayi, chigawo chilichonse chimatsala ndi mapikiselo osakwana 384 m'litali, ndipo mabatani a pamwamba a Word amadya pafupifupi theka la malowo.

Mukapeza 1920 x 1080, theka ndi 960, ndipo mawindo atatu akhoza kukwana. Koma onaninso pamene palembedwa Scale. Laputopu ya mainchesi 14 nthawi zambiri imakhala pa 150%, kutanthauza kuti malo enieni ogwirira ntchito ali ngati 1280 x 720, ochepa kuposa a laputopu yakale ija. Kuitsitsa kufika pa 125% kumawonjezera malo, koma zilembo zimachepa. Ngati maso anu ayamba kale kuvuta, musadzizunze. Monita ya mainchesi 24 pa 100% ndi imene imapereka 1920 yonse.

Timachenjera tiwiri tothandiza pa sikirini yaing'ono: mu Word ndi Excel, Ctrl + F1 imabisa mabatani a pamwamba aja mpaka mutawafunanso, ndipo mu Chrome, Edge kapena Firefox, Ctrl ndi batani lochotsera imachepetsa tsamba kuti likwane m'theka lake.

Chachitatu: yalani okhalitsa

Pa Windows simufunika kuika pulogalamu ina iliyonse kuti muyambe. Njira imeneyi, yotchedwa Snap, inabwera ndi Windows 7 mu 2009, ndipo yakhala ikuwonjezeredwa kuyambira pamenepo. Batani limene mugwiritse ntchito kwambiri ndi la Win, lija lokhala ndi chizindikiro cha Windows pakati pa Ctrl ndi Alt, limene ambiri amangolikhudza mwangozi.

Tsegulani mawindo awiri amene mukufuna. Dinani pa loyamba, gwirani Win, mudine muvi woloza kumanzere. Windolo lilumphira ku theka lakumanzere. Pa Windows 10 ndi 11, mbali yotsalayo ikuonetsani timazithunzi ta mawindo ena onse otsegula; dinani limene mukufuna, lidzaza mbaliyo. Ngati simukufuna kuikapo lililonse, dinani Esc. Okonda mausi akhoza kugwira windo pamutu pake, pamene pamalembedwa dzina la fayilo, n'kulikokera kumapeto kwa sikirini mpaka pataoneka chithunzithunzi cha malo amene likakhale, n'kulisiya.

Kenako, ndipo ambiri sadziwa izi, musakhutire ndi theka ndi theka. Ikani mausi pa mzere umene mawindo awiriwo akumanirana, igwireni, muikokere mbali imodzi. Onse awiri asintha nthawi imodzi, lina kukula, lina kuchepa, osaphimbana. Ntchito zambiri sizifuna magawo ofanana: Excel ya makolamu ambiri ipatseni magawo awiri mwa atatu, lisiti imene mukukoperako ikhale ndi gawo lotsalalo.

Kuti windo likhale pa kona, dinani Win ndi muvi wakumanzere kapena wakumanja, kenako Win ndi muvi wam'mwamba kapena wam'munsi. Izi zinayamba ndi Windows 10 mu 2015. Pa Windows 11, imene inatuluka mu 2021, pali njira yachidule: dinani Win + Z, kapena ingoikani mausi pa kabatani kokulitsira windo osadina, ndipo pabwera timapulani ta magawidwe osiyanasiyana. Sankhani malo amene windo lanu likakhale, kompyuta ikufunsani za malo otsalawo limodzilimodzi. Pa monita yaikulu pamabwera ndi timapulani ta magawo atatu oimirira. Windows 11 imakumbukiranso gulu limene mwayala: mukatsegula chinthu china chodzaza sikirini, ikani mausi pa chizindikiro cha imodzi mwa mapulogalamu aja pa taskbar, kamzere ka zizindikiro ka m'munsi mwa sikirini, muona chithunzi cha gulu lonse, ndipo mukadinapo onse abwerera m'malo mwawo.

Ngati zonsezi sizikuchitika, wina anazizimitsa. Pitani ku Settings, System, Multitasking, muyatse Snap windows.

Nanga ngati zimene mukufuna kuyerekeza zili m'fayilo imodzi, monga tsamba loyamba ndi lomaliza la lipoti? Mu Word kapena Excel pitani pa View, musankhe New Window. Fayilo yomweyo itseguka m'windo lachiwiri, ndipo mukhoza kuyala awiriwo pambalipambali. Chimene mwasintha mbali ina chimaonekeranso mbali inayo, popeza fayilo ndi imodzi.

Chachinayi: odutsa ayandame, koma asamire

Vuto la windo loyandama ndi limodzi: mukangodina pa windo loyala, loyandamalo limapita kumbuyo. Mankhwala ake ndi kulikhomera pamwamba.

Calculator ya Windows 10 ndi 11 ili ndi kabatani kake ka zimenezi. Ikakhala pa Standard, pafupi ndi mawu akuti Standard pali kachizindikiro kotchedwa Keep on top. Mukadina, kapena kudina Alt ndi muvi wam'mwamba, imachepa n'kukhala pamwamba pa china chilichonse. VLC, pulogalamu yoonerera mavidiyo, ili ndi Always on top pa menyu yake. Vidiyo ya phunziro imene mukutsatira pa intaneti mukhoza kuitulutsa mu tsamba lake kudzera pa Picture-in-Picture, n'kukhala kawindo kakang'ono pa kona pamene inu mukuyeserera mu Excel. Mapulogalamu ena ambiri amafuna PowerToys, imene tiikambe posachedwa.

Kawindo koyandama kapatseni kona imodzi, muzikaika pomwepo nthawi zonse. Ine ndimakonda kona ya m'munsi kumanja, pamwamba pa windo lowerengamo, osati lolembamo, chifukwa chimene mukuwerenga mukhoza kuchikweza pang'ono, pomwe chimene mukulemba chikaphimbika mumalemba mwakhungu. Ndipo oyandama asapitirire awiri. Akafika atatu, mwabwereranso ku mulu uja.

Tiyerekeze kuti muli pa shopu yotayipa ku Kawale. Bambo wina wachikulire wabwera ndi mndandanda wa zopereka za pa maliro, wolembedwa pamanja, umene mwana wake waujambula n'kutumiza pa WhatsApp. Mwatsitsa chithunzicho, mwachitsegula m'windo lakelake, mwachiyala kumanja n'kuchikulitsa kuti zilembo zioneke. Word ili kumanzere. Maso akungoyenda kumanzere ndi kumanja, zala sizikuchoka pa kiyibodi. Bambowo aweramira pa kauntala: "Mwana wanga, tandiuze, za a kumpingo zokha zakwana zingati?" Inu: "Dikirani pang'ono, bambo, ndiwonkhetse." Calculator ili kale pa kona, pamwamba pa chithunzi, mwawonkhetsa, mwawauza, mwapitiriza. Pomaliza Ctrl + P, zosankha za pulinta zabwera, zachita zake, zachoka, ndipo mawindo awiri aja sanasunthe.

Taonani kuti WhatsApp yeniyeniyo sinali pa sikirini. Izi n'zadala. Pa shopu, sikirini imaonedwa ndi aliyense woima pa kauntala, ndipo mu WhatsApp ya shopu mumakhala ziphaso, masatifiketi ndi makalata a makasitomala ena. Kuiyala poyera tsiku lonse n'kuulula za eni.

Chachisanu: zotsala zipite ku desktop ina

Dinani Win + Ctrl + D. Sikirini ikhala yopanda kanthu, koma musadandaule, ntchito yanu sinafufutike. Mwangotsegula desktop yachiwiri. Tsegulani WhatsApp, imelo ndi nyimbo kumeneko, muziyale mmene mukufunira. Kubwerera ku ntchito ndi Win + Ctrl + muvi wakumanzere, kupitanso uko ndi Win + Ctrl + muvi wakumanja. Win + Tab imaonetsa ma desktop onse ndi mawindo ake, ndipo mukhoza kukoka windo kuchoka pa ina kupita pa inzake. Pomwepo, mukadina kumanja kwa mausi pa windo n'kusankha Show this window on all desktops, windolo lizikutsatirani kulikonse. Calculator ndi Sticky Notes zimayenera zimenezi. Kutseka desktop ndi Win + Ctrl + F4, ndipo mawindo ake satsekeka, amangosamukira ku yoyandikana nayo.

Kwa amene ali ndi laputopu ya 1366 x 768, apa ndi pamene pali phindu lalikulu. M'malo mopanikiza mawindo anayi pa sikirini imodzi, ikani awiri apa, awiri apo. Chokhacho, ma desktop ambiri sawonjezera RAM, malo amene kompyuta imasungamo zimene zili zotsegula. Kompyuta ya 4 GB imene ikutsimphina ndi matabu 20 a Chrome idzatsimphinabe ngakhale mutawabisa ku desktop yachitatu.

Mukafuna magawo anuanu: FancyZones

Ngati muli ndi monita yaikulu, kapena magawo a Snap sakukukwanirani, ikani PowerToys, gulu la zida zowonjezera pa Windows. Ndi ya Microsoft yomwe, yaulere, imapezeka pa Microsoft Store ndi pa GitHub, ndipo imagwira pa Windows 11 ndi pa Windows 10 yosakalamba kwambiri. Ndi mamegabaiti mazana angapo, choncho itsitseni muli pa Wi-Fi kapena bandulo ikakhala yokwanira. Pa kompyuta ya kuntchito funsani kaye a IT. Mukaiika, lowani mu zokonzera zake muzimitse zida zonse zimene simuzifuna, musiye FancyZones, Always On Top ndi Workspaces. Pa kompyuta yofooka zimenezi zimathandiza.

Always On Top ndi yosavuta: dinani pa windo lililonse, kenako Win + Ctrl + T. Lizunguliridwa ndi mzere wa mtundu, ndipo silipitanso kumbuyo mpaka mutadinanso mabatani omwewo.

FancyZones imafuna kukhala nayo pansi pang'ono. Tsegulani layout editor yake, musankhe Create new layout. Ikufunsani ngati mukufuna Grid kapena Canvas. Grid imadula sikirini yonse m'magawo osaphimbana. Canvas imakulolani kujambula magawo pamene mwafuna, ngakhale ophimbana, ngakhalenso kusiya malo ena osagawidwa. Pa zimene tikukambazi, Canvas ndiye yabwino: jambulani gawo lalikulu kumanzere la ntchito yeniyeni, lina kumanja kuchokera pamwamba kufika chapakati kupitirira pang'ono, ndipo kona ya m'munsi kumanja muisiye yopanda gawo. Pamenepo ndiye pofikira alendo: Calculator, kabokosi kokopera mafayilo, vidiyo yaing'ono. Akayandama pamenepo saphimba kanthu.

Kagwiritsidwe kake ndi kamene kamandisangalatsa, chifukwa njira ziwiri zija zimakhala m'dzanja limodzi. Mukakoka windo mutagwira Shift, magawo amaoneka, ndipo mukalisiya limalowa m'gawo. Mukalikoka osagwira Shift, limayandama monga mwa masiku onse. Mu zokonzera muli mzere wakuti mawindo atsopano azipita ku gawo limene anali komaliza. Uyatseni, kuti Excel ikatseguka izipita yokha kumalo kwake. Munsi mwake muli Excluded apps, mmene mumalemba mayina a mapulogalamu amene simufuna kuti agwidwe ndi magawo ngakhale mutagwira Shift mwangozi. Mipata imene FancyZones imasiya pakati pa mawindo ndi yokongola pa monita yaikulu, koma pa laputopu ichepetseni kapena ichotseni. Mukaona kuti pulogalamu ina ikukana kulowa m'gawo, kawirikawiri imakhala kuti yatsegulidwa ngati administrator pomwe PowerToys sinatero.

Workspaces, imene inawonjezeredwa mu 2024, inapangidwa ngati ankaganizira ife a kuno. Mumayala mawindo onse mmene mukufunira, n'kuuza Workspaces kuti ijambule kakonzedweko, ndipo imatha kukupangirani kachizindikiro pa desktop. Magetsi akazima n'kuyakanso, mumangodina kachizindikiroko, mapulogalamu onse n'kutseguka lililonse pamalo pake. Imabweza malo a mawindo, osati zimene munalemba osasunga. Ctrl + S ikadali udindo wanu.

Kwa a Linux

Popeza Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sakuloledwa kulandira Windows 11, anthu ena ayamba kuyesa Linux. Zonse takambazi ziliko, mayina okha ndi amene asintha malinga ndi mtundu wa Linux umene muli nawo. Batani la Win kumeneko limatchedwa Super kapena Meta.

Pa Linux Mint ndi Ubuntu, Super ndi muvi wakumanzere kapena wakumanja imayala windo pa theka, ndipo kulikhomera pamwamba sikufuna pulogalamu yapadera: dinani kumanja kwa mausi pamutu pa windo, musankhe Always on Top. Pa KDE Plasma, kuyambira 5.27 ya mu 2023, Meta + T imatsegula pojambulira magawo, ndipo mumalowetsa windo m'gawo polikoka mutagwira Shift, chimodzimodzi FancyZones. Pa Pop!_OS, Super + Y imayatsa kuyala kochitika kokha, kumene windo lililonse latsopano limadzipezera malo, ndipo Super + G imamasula windo limodzi kuti liyandame.

Amene akufuna kulowa mozama ayese i3, pulogalamu yoyang'anira mawindo, imene Michael Stapelberg anayamba kulemba mu 2009. Iyi imatembenuza zinthu: windo lililonse limayalidwa lokha, ndipo loyandama ndi limene inu mwalilola. Ndi yopepuka kwambiri, moti laputopu yakale imapuma nayo. Pa Mint kapena Debian lembani `sudo apt install i3` mu terminal (windo lolembamo malamulo), tulukani mu akaunti yanu, ndipo polowanso sankhani i3 pa kachizindikiro ka pafupi ndi dzina lanu. Ikufunsani batani limene likhale lolamulira. Sankhani Win, chifukwa Alt imagwiritsidwa kale ntchito ndi mapulogalamu ambiri. Kenako mupeza sikirini yakuda yopanda choti mudine. Musanafike pamenepo, lembani izi papepala: Win + Enter imatsegula terminal, Win + D imatsegula polembera dzina la pulogalamu, Win + Shift + Q imatseka windo, Win + Shift + E imakutulutsani mu i3.

Windo loyamba limadzaza sikirini, lachiwiri likabwera amagawana, lachitatu chimodzimodzi. Win + V musanatsegule lotsatira imaliika m'munsi mwa limene mulipo, Win + H imaliika pambali. Pa sikirini yaing'ono bwenzi lanu ndi Win + W, imene imasanjikiza mawindo ngati matabu, ndipo Win + E imawabweza pambalipambali. Ma desktop ndi Win + 1, Win + 2, mpaka mtsogolo.

Kuyandamitsa windo ndi Win + Shift + Space, ndipo kudinanso kumalibweza m'malo mwake. Loyandama mumalisuntha pogwira Win n'kulikoka ndi batani lakumanzere la mausi paliponse, kapena kulikulitsa ndi lakumanja. Mu i3 loyandama limakhala pamwamba pa oyala nthawi zonse, silimira, ndipo timabokosi ta Save ndi Print timayandama tokha. Otsalawo mumawalembera malamulo m'fayilo ya `~/.config/i3/config`:

```
for_window [class="(?i)calculator"] floating enable
for_window [class="(?i)pavucontrol"] floating enable, resize set 640 480, move position center
for_window [title="Picture-in-Picture"] floating enable, sticky enable
bindsym $mod+Shift+minus move scratchpad
bindsym $mod+minus scratchpad show
```

Mzere woyamba ukuti pulogalamu iliyonse imene dzina lake lili ndi mawu akuti calculator iziyandama, ndipo kachizindikiro ka `(?i)` kakuti zilembo zazikulu ndi zazing'ono zisasiyanitsidwe. Wachiwiri ukuyandamitsa kokonzera mawu, kukapatsa kukula kwake n'kukaika pakati. Wachitatu ukuchititsa vidiyo yaing'ono kukutsatirani pa desktop iliyonse. Kuti mudziwe dzina loyenera la pulogalamu, lembani `xprop` mu terminal, dinani pa windo lake, muyang'ane mzere wa WM_CLASS. Dzina lachiwiri pa mzerewo ndi limene mulembe pa class. Mukasunga fayilo, Win + Shift + C imawerengetsa malamulo atsopanowo osatseka chilichonse.

Mizere iwiri yomalizayo ndi ya scratchpad, chinthu chimene ndimachisowa kwambiri ndikakhala pa Windows. Win + Shift + batani lochotsera imabisa windo kotheratu, osatenga malo pena paliponse. Win + batani lochotsera imalitulutsa likuyandama pakati pa sikirini, pa desktop iliyonse imene muli, ndipo mukadinanso limabisalanso. Ikanimo kope lanu la manotsi kapena terminal imodzi ya tintchito tachangu. Ngati fayilo yanu ili kale ndi mizere imeneyi, musaibwereze, chifukwa i3 imadandaula batani limodzi likapatsidwa ntchito kawiri. Amene ali pa Wayland, njira yatsopano imene Linux imaonetsera mawindo, agwiritse ntchito Sway m'malo mwa i3, imene imamva pafupifupi malamulo omwewa, kungoti mapulogalamu ambiri amadziwika ndi `app_id` m'malo mwa `class`, ndipo mayinawo mumawapeza ndi `swaymsg -t get_tree`.

Chenjezo langa ndi limodzi: i3 musaiike pa kompyuta imene anthu ambiri amagwirapo. Mnzanu wa pa shopu akapeza sikirini yakuda yopanda Start, aganiza kuti kompyuta yafa, ndipo akuimbirani foni muli mu minibasi ya ku Area 25. Pa kompyuta yogawana, Snap kapena FancyZones ndi zokwanira, popeza amene sazidziwa amagwira ntchito monga kale osaona kusiyana.

Zikasokonekera

Chovuta chofala kwambiri chimabwera pambuyo pa msonkhano. Mwachotsa pulojekita kapena monita yachiwiri, ndipo windo lina loyandama latsalira kunja kwa sikirini: pa taskbar likuoneka kuti ndi lotsegula, koma silikupezeka. Dinani chizindikiro chake pa taskbar, kenako Win ndi muvi wakumanzere. Kawirikawiri limabwera pompo. Likakana, dinani Alt + Space, kenako M, kenako muvi uliwonse kamodzi, n'kugwedeza mausi. Windolo limamatirira ku mausi n'kubwera. Monita yachiwiri ikadali yolumikizidwa, Win + Shift + muvi imasamutsa windo kuchoka pa sikirini ina kupita pa inzake. Pa Linux Mint, kugwira Alt n'kukoka windo paliponse kumapulumutsa timabokosi totalika timene batani lake la OK lagwera kunsi kwa sikirini. Pa Ubuntu ndi KDE gwirani Super.

China ndi pulogalamu imene ikuoneka ngati yauma, mukadina ikungolira kabelu. Musathamangire kuizimitsa. Nthawi zambiri imakhala kuti yatulutsa kabokosi kofunsa funso, ndipo kabokosiko kabisala kuseli kwa windo limene munalikhomera pamwamba. Sunthani lokhomeredwalo, kapena dinani Alt + Tab, mukapeza.

Palinso mapulogalamu, makamaka akale a zowerengera ndalama ndi ena obwera ndi mapulinta ndi masikana, amene windo lake silisintha kukula. Mukaliyala limakana, kapena limalowa m'gawo mabatani ena n'kuduka. Musalimbane nalo. Lilembeni pa Excluded apps, kapena mulipatse lamulo la `floating enable` ngati muli pa i3, ndipo ngati ndi lalikulu moti likuphimba zonse, lipatseni desktop yakeyake.